Nthenga ya Mwinidziko

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani, agologolo awiri a bere limodzi, Dzimbiri wamkulu ndi Kapalepale mng'ono wake. Tsiku limenelo adali pakhomo akugawana mtedza. Ankauika m'milu iwiri, uwu wako uwu wanga, ndipo monga mwa masiku onse ankakangana.

"Achimwene, mulu wanuwo wanenepa."

"Wanenepa chifukwa ndi wa Mwinidziko," adatero Dzimbiri, akukonza nthenga yofiira imene idali pamutu pake. "Ulemu, mphwanga."

"Mwinidziko wopanda ndi nkhokwe yomwe."

"Nkhokwe ndi za anthu wamba. Ife eni dziko timadya za abale athu."

Adaseka onse awiri. Ali m'kati moseka padafika Nkhanga, mthenga wa bwalo, amenenso ankatsogolera nyimbo zake. Adagwada nawomba m'manja, koma maso ali pansi.

"A Mwinidziko, akukufunani kubwalo. Dzombe latha mapira."

Dzimbiri adaimirira nadzisansa makoko a mtedza.

"Usadye mulu wanga," adatero. "Ndikubwera."

Dzuwa litapendeka Nkhanga adabweranso yekha, nthenga ili kukamwa.

Tsono kuti mumve bwino, m'dziko limenelo maudindo aakulu adalipo awiri. Wina udali ndi mano, wina udali dzina lokha. Wa mano udali wa Nyalugwe, amene ankatchedwa Nduna. Iyeyo ndiye ankagawa minda, kuweruza milandu ndi kutuma asilikali. Mwinidziko adali pamwamba pa Nduna m'katchulidwe chabe. Adali ndi nthenga, adali ndi mpando, ndipo aliyense wodutsa ankamuwombera m'manja, koma sankalamula ngakhale nyerere.

Ntchito yake idali imodzi. Dziko likalakwa, kaya ndi dzombe, kaya moto, kaya chilala, nyama zonse zinkasonkhana pabwalo n'kuimba nyimbo. Nkhanga ankafunsa kuti dzikoli ndi la yani, khamu n'kuvomera kuti ndi la wovala nthenga. Ankafunsanso kuti nanga likalakwa afunsidwe ndani, khamu n'kuvomera chimodzimodzi. Gulo, mkulu wa bwalo, ankagwedeza mutu, pakuti gulo sadziwa china. Nyimbo ikatha Nkhanga ankazula nthenga, ndipo chotsalacho chinkakhala cha Nyalugwe.

Dzinali likalowa m'banja silinkatuluka kufikira banjalo litatha. Lidamaliza nyumba ya Mbira, lidamaliza ya Sakhwi, ndipo tsopano lidali mwa agologolo. Pambuyo pa Kapalepale padali mlongo wake Nangondo ndi tiana take.

Nkhanga adaveka Kapalepale nthenga ija, nagwada, nawomba m'manja.

"Achimwene ananena kanthu?" adafunsa Kapalepale.

"Anati nyimbo ndinaiyambira pamwamba kwambiri."

Kapalepale sadalire. Adatenga phale navundikira mulu wa mkulu wake, wakewo naupereka kwa ana a mlongo wake. Kuyambira pamenepo sadakhazikikenso. Akakhala aimirire, akaimirira ayende, akayenda abwerere. Adali yakaliyakali ngati wopondera phulusa lamoto.

M'mawa mwake adatenga nthenga ija nakaiponya kuuna kwa Nungu, kumene palibe alowetsako dzanja. Pobwerera adapeza Nkhanga akumudikira pakhomo ndi nthenga ina, yofiira chimodzimodzi.

"Musadzivute, a Mwinidziko. Anzanu onse anayesa. Wina anaitaya m'madzi, wina anaiwotcha. Kunyumba kwanga zilipo zodzaza dengu."

"Simutopa nazo, mayi Nkhanga?"

"Weramani ndikuvekeni."

Tsiku linalo adapita kwa Fisi, amene ankatsata Nduna kulikonse.

"Achimwene a Fisi, mutu waukulu ngati wanuwo kumangoyenda wosavala? Taiyesani iyi. Aliyense azikuwomberani m'manja, ndi Njati yemwe."

Fisi adaseka mpaka kugubuduka.

"Ndine wadyera, a Mwinidziko, koma kupusa ayi. Ine ndimadya zotsala za a Nduna. Eni dziko ndimawadziwa kukoma kwa mafupa awo."

Atanena choncho adakumbuka amene ankayankhula naye, ndipo kuseka kudamuthera pakhosi. Kapalepale adangomuyang'ana. Fisi adakanda pansi, nayang'ana kumbali, kenaka manyazi adamutsegula pakamwa.

"Pepani. Pakamwa pangapa sipamva. Koma imvani ichi, wakutsina khutu ndi mnansi. Dzinali silipatsidwa, limachita kulandidwa. Wina akakuzulani nthengayo ndi dzanja lake nyimbo isanathe, kapena akakuphani nyimbo isanathe, dzina limalumphira kwa iye ndi banja lake. N'chifukwa chake a Nduna sakukhudzani. Amadikira nyimbo. Koma ndani angazule chinthu chimenecho? Ngakhale wamisala."

Kuthawa, Kapalepale adakuganizira. Koma adadziwa kuti iye akasowa, Nkhanga adzapita ndi dengu lake kwa Nangondo. Choncho adabwerera pampando.

Nthawi ya mvula idakwana, mvula osagwa. Nkhanga adayenda mudzi ndi mudzi kulengeza kuti mwezi watsopano ukaoneka nthaka isananyowe, bwalo lidzakhala. Kapalepale ankati akadzuka ayang'ane kumwamba, asanameze malovu ayang'anenso.

Tsiku lina Nyalugwe adabwera kudzamuzonda, monga mwini mbuzi azondera khola, Fisi ali pambuyo. Kapalepale adali pampando. Makolo ake adamuphunzitsa kuti mlendo saimirira pakhomo, choncho pakamwa padangoyankhula pokha.

"Khalani pansi, a Nduna."

Nyalugwe adali atayamba kale kupinda miyendo. Adakhala.

"Taonani zodabwitsa!" adatero Fisi. "A Mwinidziko alamula, a Nduna amvera!"

Nyalugwe adadzambatuka ngati wakhalira minga.

"Wamvera ndani? Ndinakhala mwa kufuna kwanga!"

"Inde, bwana, inde. Ndimangocheza."

"Ine sindiuzidwa chochita ndi kanthu kosadzaza ndi tsaya lomwe." Adatembenukira kwa Kapalepale namwetulira. "Mwaonda, a Mwinidziko. Muzidya. Mutu ukakula sulewa nkhonya, tsono thupi nalo lizikula."

Kapalepale ankayang'ana chinthu chimodzi: Nyalugwe adacheza chiimirire mpaka kutsazika, ngakhale kuti dzuwa lidali kuswa mtengo ndipo mphasa idali pomwepo. Alendo atapita, Kapalepale adali atadziwa chochita.

Nyalugwe ankadyera pabwalo, pamaso pa onse, kuti aziona mano ake. M'mawa mwake asilikali adamuikira nyama, khamu lili chete. Atangoyasamula kuti alume, mawu adamveka kuchokera panthambi pamwamba pake.

"A Nduna, ndalola. Idyani!"

Gulo adagwedeza mutu. Timba adanong'oneza Mpheta, Mpheta nanong'oneza mnzake. Nyalugwe adatsala kukamwa kuli yasa. Akaluma, ndiye kuti wamvera kagologolo pamaso pa dziko lonse. Adatseka pakamwa pang'onopang'ono nakankha nyamayo.

"Ndilibe njala."

"Ndikuthandizeni, bwana," adatero Fisi.

Mawa lake zidatero, mkuja zidateronso. Nyalugwe adayesa kukadyera kobisika, koma gologolo sasowa nthambi. Atangoweramira nyama, mawu aja adabwera.

"Idyani, a Nduna, musachite manyazi!"

Ndipo mbalame, zimene zidapeza chosekera, zinkatsata Kapalepale kulikonse kuti zikasimbe. Nyalugwe ankangoba nthuli imodzi apa, ina apo, ngati wakuba m'nyumba yakeyake. Amene adanenepa nyengo imeneyo ndi Fisi.

Akapita kuchitsime, lilime litangotuluka, mawu ali pamwamba.

"Imwani, a Nduna."

Masana akafuna kutsamira pamthunzi, monga achitira anyalugwe onse, zikope zitangolemera, mawu ali pomwepo.

"Gonani, a Nduna, mwagwira ntchito."

Nyalugwe n'kutong'ola maso, n'kuyamba kuzungulira mtengo kuti mbalame zione kuti iye alibe tulo.

Nkhani idawanda. Kumadambo akazi ankati Mwinidziko wa tsopanoyu ndi wina, Nduna sameza malovu iye asanalole. Ena ankatsutsa kuti ayi, Nduna akukana zonse. Njati, amene sankayankhula kawirikawiri, adamva mbali zonse ziwiri nati, "Womvera ndi wokana, onse akuyang'ana pakamwa pamodzi."

Koma wosaka wosagona nayenso sagona. Kapalepale adatsala mchira ndi maso. Nangondo adamupeza akuwodzera chiimirire panthambi.

"Achimwene, mukudzipha nokha nyimbo isanaimbidwe. Tsikani mudye. Mtedza uja uli pansi pa phale bwanji?"

"Si wanga."

"Mwini wake sabweranso."

"Ndikudziwa, mlongo wanga. Kalowetseni ana m'nyumba."

Adalumphira nthambi ina, pakuti adaona Nyalugwe akuzembera kuchitsime.

Potsiriza Nyalugwe adabwera yekha, popanda Fisi. Maso adali psuu, nthiti zikuwerengeka. Ulemu adausiya panjira.

"Iwe kanyama, ukufuna chiyani? Nditchulire. Nkhokwe ziwiri? Munda wa kudambo?"

"Mkulu wanga analibe nkhokwe, a Nduna. Inenso ndazolowera."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kukuphwanya pompano?"

"Phwanyani. Nyimbo sinaimbidwe. Nthengayi idzakukhalani bwino."

Nyalugwe adatukula dzanja, zikhadabo zili panja, nalibwezanso.

"Mwezi ukubwera," adatero. "Ndidzakutafuna pang'onopang'ono."

Adatembenuka kuti azipita.

"Mukhoza kupita, a Nduna," adatero Kapalepale mokweza, pakuti mbalame zidali zitafika.

Nyalugwe adaima, mwendo umodzi uli m'mwamba.

"Kapena imani pomwepo, ndalolanso."

Kupita sikutheka, kuima sikutheka. Nyalugwe adalumphira cham'mbali nagwera m'minga, ndipo mbalame zidaseka mpaka zina kugwa m'nthambi.

Kapalepale sadaseke nawo. Madzulo a tsiku lomwelo mwezi udaoneka, wowonda ngati chikhadabo, ndipo kumwamba kudalibe ndi kamtambo komwe.

M'mawa Nkhanga adafika, nagwada, nawomba m'manja, maso ali pansi.

"A Mwinidziko, akukufunani kubwalo. Mvula yakana."

Kapalepale adayang'ana phale lija kamodzi, nanyamuka. Panjira adati, "Mayi Nkhanga, mwaperekeza angati?"

"Sindiwerenga."

"Lero musathamange nayo nyimbo. Muikoke."

Nkhanga adangopitiriza ulendo, maso ali pansi.

Bwalo lidadzaza. Kapalepale adakhala pampando pakati, Gulo pamwala wake, Nyalugwe chapafupi akunola zikhadabo, thupi lili dzandidzandi ndi njala ndi tulo. Nkhanga adayamba nyimbo, ndipo adaikoka. Adafunsa kuti dzikoli ndi la yani, khamu lidavomera kuti ndi la wovala nthenga. Adabwereza funso lomwelo, khamu lidavomeranso. Nyalugwe adayamba kusendera, malovu akuchucha.

Pamenepo Kapalepale adaimirira pampando. Mawu ake adatuluka osalala.

"A Nduna, imvani lamulo langa lotsiriza. Nyimboyi ikatha, mubwere mundidye. Musasiye kanthu, a Fisi akhuta kale. Ndipo amene adzavale nthengayi pambuyo panga, mudzamumvere monga mwandimvera ine."

Nyimbo idazilala. Khamu lidayamba kung'ung'udza.

"Ngakhale kudya kumeneku achita kutumidwa?" adafunsa Mbawala.

"Kodi kale lonseli anali wantchito?" idafunsa Njiri.

"Tiyeni tione ngati amvere," adatero Njati.

Gulo adagwedeza mutu.

Nyalugwe adayang'ana kagologolo, nayang'ana khamu. Akamudya, dziko lonse liona kuti wamvera, ndipo mawa kamwana ka gologolo kadzamuuza nthawi yogona. Akapanda kumudya, ndiye kuti mano ake atha ntchito. Njala idamuluma m'mimba, tulo tidamuzunguza mutu, ndipo chimene ankaona ndi nthenga yofiira yokha ikugwedera pamwamba pake. Adaganiza kuti zonsezi zikuchokera m'nthengamo. Adalumpha, naitsomphola, naisomeka pamutu pake.

"Mano ndi anga, dzina ndi langa!" adabangula. "Alamule ndani tsopano? Ayankhule!"

Kapalepale adatsika pampando, mutu uli mbee, nagwada, nawomba m'manja katatu monga mwa mwambo.

"Zikomo, a Mwinidziko. Mpando ndi uwu." Adatembenuka. "Mayi Nkhanga, nyimbo ija inatha?"

"Sinathe. Latsala funso lachiwiri."

"A Gulo, kodi si mwambo kuti nyimbo ikayambika ithe?"

Gulo adagwedeza mutu.

Nkhanga adayang'ana Nyalugwe. Kwa nthawi yoyamba sadayang'ane pansi. Adakweza khosi nayamba, ndipo adaiyambira pamwamba kuposa kale lonse. Adafunsa kuti dziko likalakwa afunsidwe ndani. Poyamba adavomera ndi Nangondo yekha, kamawu kakang'ono kumapeto kwa bwalo. Nkhanga adafunsanso. Adavomera a Mpheta ndi a Timba, kenaka Mbawala, kenaka Njiri. Atafunsa kachitatu, mawu a Njati adalowa pansi pa onse, ndipo nthaka idanjenjemera.

"Mwapenga!" adakuwa Nyalugwe. "Nyimbo ikatha andigwire ndani? Nduna ndine!"

"Munali," adatero Njati. "Mutu umodzi suvala ziwiri. Mwasankha nokha, tonse tikuona."

Njati adaweramitsa nyanga. Njiri idaima kumanja kwake, Nungu kumanzere. Asilikali adayang'anana, nayang'ana nthiti za mbuye wawo, nabwerera m'mbuyo. Fisi adali atasamukira kale kumbuyo kwa Njati, akuimba mokweza kuposa onse.

Nyalugwe adayesa kubangula, koma chidatuluka ndi chifuwa. Adayesa kuzula nthenga, koma Nkhanga adati, akuimbabe pakati pa mawu, "Musadzivute. Kunyumba zilipo zodzaza dengu." Nyalugwe, amene sadadziwe tulo kapena chakudya chokwanira kwa nthawi yonseyo, adalibenso mphamvu zolimbana nawo. Nyimbo itatsala pang'ono kutha, adatembenuka nathawa, nthenga ili pamutu.

Palibe adamuthamangitsa. Dzina lidalowa m'nyumba ya anyalugwe, ndipo likadali komweko. Palibe adatuma Nkhanga kuti akamuitane, iyenso sadafunse. Dengu lake lija adalitaya kudzala.

Nyama zidazungulira Kapalepale. Zina zinkafuna kumunyamula, zina kumupatsa unduna.

"Wochenjera ngati inu ndiye atiyenera," idatero Njiri. "Titchulireni dzina limene mukufuna, tikupatsani."

"Ndili nalo kale," adatero Kapalepale. "Anandipatsa amayi."

Adadutsa pakati pawo napita kwawo. Adagona pakhomo, pafupi ndi phale, ndipo Nangondo adaletsa ana kusewerera pamenepo kufikira atadzuka yekha.

Mvula idabwera pa nthawi imene idafuna yokha, popanda wofunsidwa. Nyama zidathamangira kuminda, ndipo za nthenga zidayamba kuiwalika.

Apa ndi pamene nthano yanga ikhalira pansi. Nthaka itanyowa bwino, Kapalepale adavundukula phale lija. Mtedza wa Dzimbiri udali utamera.